Ndimaswali kasanu koma mumtima muli zii, kodi ndi ine ndekha?

WakuSanthe:
Assalam alaikum abale nonse. Ndili ndi funso koma chonde musandiweruze. Ine ndinabadwira m'Chisilamu, ku madrasa ndinapita, Juzu Amma ndinaloweza ndili mwana, swala zisanu sindidumphitsa, Ramadhan ndimasala mwezi wonse. Koma kunena zoona masiku ano ndikaima pa mswala thupi limangochita zonse lokha, ine mwini wake ndimakhala ndili ku msika kuwerengera ndalama za soya. Ndimangozindikira ndapereka salaam osadziwa kuti ndawerenga sura yanji. Nde ndimadzifunsa kuti kodi Chisilamu ndi chomwechi basi, kuima kuwerama kugwetsa nkhope, kuima kuwerama kugwetsa nkhope mpaka tsiku lokakuika m'manda? Anzanga amene mumati dini imakoma, kukomako mumakupeza pati? Sindikufuna kusiya swala ayi, ndikufuna izindikhudza ineyo.

KabazaWaPaBoma:
Walaikum salaam. Si inu nokha amwene, ine ikafika rakaa yachitatu ndimakhala ndikuwerenga anthu amene sanandilipire kuyambira m'mawa kkkkk

MadalaAKuLinga:
Walaikum salaam warahmatullah. Mwana wanga, vuto la ana inu mumafuna chilichonse chizikoma. Anakuuzani ndani kuti swala ndi yoti muzimva kukoma? Swala ndi lamulo. Mwini wake anati swalini, ife tikuswali, nkhani yathera pomwepo. Wolima fodya kuno ku Kasungu amathirira nazale m'mawa ndi madzulo, tsiku lomwe wadzuka bwino ndi tsiku lomwe msana ukuwawa, sayamba wafunsa mtima wake ngati lero ukufuna. Pitirizani kuswali, zinazo Allah adzakupatsani pa nthawi yake.

MayiWaMapasa:
Madala ndimakulemekezani koma yankho limenelo ndi lomwe likuthawitsa ana m'mizikiti. Munthu wafunsa mwaulemu, wanena yekha kuti sakufuna kusiya. Kumuuza kuti angopitiriza ndiye kuti simunamuyankhe.

MadalaAKuLinga:
Ndamuyankha amayi. Kungoti yankho lake silokoma.

Ustadhi_Wamng'ono:
Walaikum salaam achimwene a ku Santhe. Choyamba mtima ukhale m'malo, nkhawa yanuyi ngakhale maswahaba anali nayo. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Hanzala (RA). Tsiku lina anakumana ndi Abu Bakr (RA) n'kumuuza kuti ine Hanzala ndasanduka munafiki, wachiphamaso. Abu Bakr anadabwa kuti ukunena chiyani iwe. Hanzala anati tikakhala ndi Mtumiki (SAW) akutikumbutsa za Moto ndi Jannah zimakhala ngati tikuziona ndi maso, koma tikangobwerera kunyumba n'kutanganidwa ndi akazi, ana ndi minda, zambiri timaiwala. Abu Bakr, munthu amene tonse timadziwa kukula kwa iman yake, anati nanenso zimandichitikira zomwezo. Anapita onse awiri kwa Mtumiki, ndipo iye anawauza kuti mukanakhala nthawi zonse mmene mumakhalira mukakhala ndi ine, angelo akanamakupatsani moni wa padzanja m'njira ndi pogona panu, koma Hanzala, pali nthawi ya ichi ndi nthawi ya icho.

Nde iman imakwera n'kutsika, zimenezo zisakuopseni. Pomwe madala akunena zoona ndi poti swala sitisiya chifukwa lero sitikumva kanthu. Pomwe ndikusiyana nawo ndi poti Mtumiki yemweyo ankauza Bilal kuti taitanira swala tipumule nayo. Munthu sapumula ndi chinthu chomwe akungochita kuti athane nacho. Choncho kulakalaka kuti swala ikufikeni pamtima si chibwana ayi.

MayiWaMapasa:
Ine ndinene zanga. Ndinakula ngati inuyo achimwene, kuloweza chikwapu chili pambali, ukalakwitsa katchulidwe thwa pamsana, koma palibe tsiku lomwe muallim anatiuzapo kuti zomwe tikuwerengazi zikuti chiyani. Ndinafika pokhala mayi wa ana ndikuwerenga Fatiha osadziwa kuti ndikupempha chiyani. Taganizani, swala za faradhi zokha ndi marakaa 17 pa tsiku, ndiye kuti ka 17 ukulankhula ndi Mulungu mawu oti iwe mwini sukuwamva. Mlamu wanga ndi amene anandibwereka Qur'an yomasulira m'Chichewa, ndinayamba ndi masura ang'onoang'ono a kumapeto omwe ndinaloweza kale aja. Nditafika pa Wadhuha ndinaiika pansi kaye. Nthawi imeneyo bambo a kunyumba anali atangotisiya kumene, mapasa ali pa bere, achibale a kuchimuna akubwera kudzawerenga malata ndi mbuzi, nde ine ndikuwerenga kuti Mbuye wako sanakusiye ndipo sanakude, kodi sanakupeze uli wamasiye n'kukupatsa pokhala. Sura yomwe ndinkangoiyendetsa mothamanga kuyambira ndili mwana poti ndi yaifupi! Mpaka lero ndikaiwerenga pa swala sindingathe kuthamanga olo nditafuna. Nde musafune zapatali, tengani masura omwe mumawerenga tsiku ndi tsiku aja mukaone kuti akunena chiyani.

Ustadhi_Wamng'ono:
Masha Allah amayi. Ndiwonjezere pa Fatiha pomwepo. Pali hadith ina mu Muslim momwemo yoti Allah anati swala ndaigawa pakati pa ine ndi kapolo wanga. Kapolo akati Alhamdulillahi rabbil alamin, Allah amati kapolo wanga wanditamanda, akapita pa aya yotsatira Allah amayankhanso, mpaka pomwe kapolo akupempha njira yoongoka Allah amati izi ndi za kapolo wanga ndipo alandira chomwe wapempha. Ndiye kuti aya iliyonse ili ndi yankho lake. Ife timawerenga ma aya 7 onse ndi mpweya umodzi, wokuyankhayo osamupatsa n'komwe mpata.

Mphunzitsi_Chamama:
Koma tisawanyoze kwambiri ma muallim abale. Ambiri kumidzi kuno amaphunzitsa ana ambirimbiri pakhonde la mzikiti kapena pansi pa mtengo, malipiro awo ndi zomwe anthu aponya Lachisanu, mwezi wina osalandira kanthu. Iwonso anaphunzitsidwa chimodzimodzi, kuloweza basi. Ndipo kuno si ku Mangochi kapena ku Machinga komwe pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mzikiti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu tilipo 13.8 peresenti dziko lonse, ndipo ambiriwo ali chakum'mawa ndi m'mbali mwa nyanja. Kwathu kuno mwana wachisilamu amapezeka ali yekha m'kalasi, anzake akamufunsa kuti bwanji sudya mbewa kapena nkhumba amangoti amatikaniza kunyumba. Chifukwa chake sachidziwa, ndipo kunyumbako akafunsa amamuuza kuti usamafunse zambiri. Mwana ameneyo akakula ndi amene amadzalemba funso ngati ili.

WakuSanthe:
Aphunzitsi mwandifotokoza ineyo ndendende. Ine ku pulaimale Msilamu ndinali ndekha, anzanga ankandinena kuti mchawa pomwe ndine Mchewa wa konkuno.

Mlimi_wa_Wimbe:
Ine zamumtima ndizisiye kaye, ndikufuna tikambe za sikelo. Chaka chatha ndinatenga soya wanga, thumba ndinayeza ndekha kumudzi pa sikelo ya mnzanga linakwana 50 kg. Kufika kwa venda wina pa msika, munthu wa chisoti, mkanjo woyera mbee, chipsera cha sijida pamphumi chakuda bii, salaam yake yaitali mpaka wabarakatuh, wakoleka thumba lija akuti 46. Ndinati bwana tayang'aninso bwino, akuti sikelo sinama. Adhana itamveka anaphimba katundu ndi lona n'kuthamangira ku mzikiti, tinakaima safu imodzi phewa ndi phewa. Ine swala imeneyo sindinaimve, maganizo onse anali pa iye. Nde mukamati tanthauzo la dini, ine ndimati likapezeke pa sikelo kaye, zolira pa mswala zibwere pambuyo.

Venda_Osabisa:
Aaa a Wimbe mwayambapo. Mavenda tonse si akuba. Nanga alimi inu mukamathira mchenga pansi pa thumba, kapena kuwaza madzi mtedza usiku kuti ulemere, zimenezo ndi halal? Ine ndimapeta thumba n'kutulutsa miyala ndi makoko zodzaza beseni, kukagulitsa ku Lilongwe amandidula ine. Tikamadula pang'ono timakhala tikudziteteza.

Mlimi_wa_Wimbe:
Ndiye mwavomera kuti mumadula kkkkk

Venda_Osabisa:
Ndati pang'ono

KabazaWaPaBoma:
Pang'ono ameneyo pa matumba a lole yonse ndi nyumba ya malata bwana

Ustadhi_Wamng'ono:
Nonse awiri Qur'an ndi hadith zinakukonzerani kale. A venda, tsegulani sura 83, Al Mutaffifin, imayamba ndi tsoka kwa opunguza muyeso, amene akamalandira kwa anthu amafuna zodzaza koma akamayezera anthu amachepetsa. Anthu a ku Madyan, a Mneneri Shuaib, limodzi mwa machimo omwe anawonongeka nawo ndi lomweli la miyeso ndi masikelo. A Wimbe nanunso musaseke. Mtumiki anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, anapisa dzanja mkati zala zinanyowa, anafunsa mwini wake kuti ichi n'chiyani, iye anati inavumbwa ndi mvula. Mtumiki anati bwanji sunaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, wonyenga sali mwa ine. Choncho mchenga ndi sikelo yopotoka mlandu wake ndi umodzi, ndipo kubedwa ndi wina sikukupatsa chilolezo chobera wina.

Ndipo izi sizili kutali ndi funso la a Santhe. Sura 29 aya 45 imati swala imaletsa zauve ndi zoipa. Ngati munthu akuswali zaka ndi zaka koma sikelo yake sinasinthe, lilime lake silinasinthe, mkazi wake kunyumba amanjenjemera akamva njinga yake ikufika, afufuze kuti swala yakeyo ikupita kuti. Pali hadith ya munthu wosauka weniweni, amene adzabwere tsiku la Kiyama ndi swala, swaumu ndi zakaat, koma anatukwana uyu, anadya chuma cha uyu, anamenya uyu, zabwino zake zidzagawidwa kwa anthu amenewo mpaka kutha, zikatha adzamusenzetsa machimo awo.

KabazaWaPaBoma:
Eeeh yaopsa imeneyo. Koma soya pano akugula bwanji, ndili ndi matumba awiri kumudzi

Venda_Osabisa:
Bwerani ku inbox amwene tikambirane

Mlimi_wa_Wimbe:
Mupite ndi sikelo yanu

Mphunzitsi_Chamama:
Sikelo yovomerezeka imayenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Muzifunsa musanakoleke thumba, ndi ufulu wanu.

Mlimi_wa_Wimbe:
Aphunzitsi mwana akudwala, ndalama ikufunika lero, uyambe kufunsa za MBS? Umangopereka basi n'kusiyira Mulungu.

Admin_KU:
Abale zamitengo ya soya tikambe tsiku lina, tibwerere ku funso la m'bale wathu.

Namwino_Usiku:
Assalam alaikum. Ndimangowerenga nthawi zambiri koma apa ndiyankhe. Ine chomwe chinandisintha si buku, ndi kusambitsa maliro. Mayi wina wachikulire kwathu kuno anandiitana tsiku lina kuti iwe poti mitembo suiopa tiye ukatithandize, amene timasambitsafe takalamba. Ku chipatala imfa ndinaizolowera, umatseka maso, umamanga chibwano, umalemba nthawi, umapita kwa wodwala wina. Koma kuja ndinaona zina. Chitseko chotseka, mtembo wofunditsidwa nsalu kuti maliseche asaoneke olo pang'ono, madzi ofunda osati otentha, gogo uja anayesa ndi chigongono ngati akusambitsa khanda. Anayamba ndi kumupangitsa wudhu, kenako mbali ya kumanja, kenako kumanzere, katatu, komaliza ndi madzi othira kafuri. Tsitsi analiluka zingwe zitatu n'kuliponya kumbuyo. Potembenuza ankanong'ona kuti pepa mwanawe, pang'onopang'ono, kulankhula ndi munthu woti sakumva. Nsalu zisanu za sanda zinali zoyala kale pa mphasa. Womwalirayo anali mtsikana wa ganyu wochokera kutali, wachibale analipo mmodzi yekha, panalibe woti atithokoze kapena kutipatsa kanthu. Titatuluka gogo anati zomwe waona mkatimu zithere momwemo. Madzulo ake ndinaswali Maghrib mosiyana ndi masiku onse, sindinachite kudzikakamiza. Sindikunena kuti aliyense akasambitse maliro, koma pezani ntchito imodzi yoti mukuchitira Allah yekha, yoti palibe adzakujambuleni n'kuika pa Facebook.

MayiWaMapasa:
Subhanallah asisi. Allah akulipireni. Atsikana ambiri akuthawa ntchito imeneyi, agogowa akadzatha kaya adzatisambitsa ndani.

MadalaAKuLinga:
Mwanayu walankhula. Ndipo ndikuuzeni china. Kwathu ku Nkhotakota ife tikukula, usiku wa ziyala kapena pa sadaka ya arubaini, ya masiku 40 munthu atamwalira, tinkachita zikiri mpaka mbandakucha. Amuna kupanga bwalo, shehe pakati, la ilaha illallah ikutuluka pansi pa chifuwa anthu onse pamodzi, thukuta kamukamu, ena misozi. Umabwerako mtima utafewa, munthu amene munayambana naye umakamupatsa moni wekha. Munabwera ana ophunzira kunja, ichi bidaa icho bidaa, ati zongowonjezera m'dini, mwachotsa zonse, nde lero mukudandaula kuti mumtima muli zii. Mukudabwa chiyani?

KabazaWaPaBoma:
Madala mesa munati kukoma sikofunika? kkkk

MadalaAKuLinga:
Ndinati usamaswali chifukwa chofuna kukoma. Sindinati kulibe. Uzimva bwino iwe.

Sunnah_Basi:
Madala ndi ulemu wonse, zikiri yopanga bwalo ndi kudzigwedeza ija Mtumiki sanachite, maswahaba sanachite. Arubaini sanachite. Dini inakwanira kale, siifuna zowonjezera. Munthu akhoza kulira pa nyimbo ya chikondi, kulira si umboni woti chinthu ndi choona. Amene akufuna mtima ufewe adhkar za m'mawa ndi madzulo zilipo, Subhanallah 33, Alhamdulillah 33, Allahu akbar 33 pambuyo pa swala zilipo, tahajjud ilipo. Vuto ndi loti imamu akangopereka salaam anthu ali kale pa nsapato.

MadalaAKuLinga:
Nsapato zomwezo ndi za ophunzira anu. Ife tinkakhala.

Sunnah_Basi:
Kukhala pa bidaa ndi bwino kunyamuka

MayiWaMapasa:
Mwaona? Munthu wafunsa za mtima wake, ife tayamba kulozana zala. Zimenezinso zimaumitsa mtima abale.

Mphunzitsi_Chamama:
Mkangano wa Akadiriya, ochita zikiri yokweza mawu, ndi Asukuti, oikana, unayamba agogo athu ali anyamata, za zikiri pa maliro, za mbendera, sitiuthetsa pa foni usiku uno. Mpaka lero tili ndi mabungwe awiri a Asilamu, MAM (Muslim Association of Malawi) ndi QMAM (Quadria Muslim Association of Malawi). Onse awiri amawerenga aya imodzi yomweyo ya mu sura 13 yoti mitima imakhazikika ndi kukumbukira Allah, akusiyana pa kachitidwe. Koma madala poti mwatchula Nkhotakota ndinene chomwe chimandivuta ine ndikamaphunzitsa mbiri. Jumbe Salim bin Abdallah anafika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, ndipo Chisilamu chinazika mizu kumeneko kudzera mwa iye ndi anthu ake, zimenezo sitikana. Koma malonda ake anali a minyanga ndi akapolo, anthu ankawolotsedwa nyanja pa zombo kupita mpaka ku Kilwa, ena mwa iwo ogwidwa kuchokera kumtunda kuno. Mwana wachikhristu m'kalasi amandifunsa kuti sala, anthu amenewa ankapemphera? Ndimayankha kuti eya ankapemphera. Nde nkhani ya a Wimbe ya sikelo ija si ya lero.

MadalaAKuLinga:
Aphunzitsi musanyoze kwathu. Popanda anthu amenewo inu bwenzi mukuswali?

Mphunzitsi_Chamama:
Sindikunyoza madala, mayi anga omwe kwawo ndi komweko. Allah amatha kufikitsa choonadi kudzera mwa munthu wolakwa, koma cholakwacho sichisanduka chabwino.

NdinalowaNdekha:
Salaam nonse. Ine mwina ndiyankhe mosiyana poti sindinabadwiremo. Kwathu ndi a CCAP, ndinalowa Chisilamu ndili wamkulu kale. Chomwe chinandikoka si ulaliki, ndi bambo wina amene ndinkagwira naye ntchito yosankha fodya pa chigafa. Ena tinkaika masamba oipa pakati pa belo kuti ku okushoni ya Chinkhoma lidutse ngati labwino, iye ankakana, ankati wondiona alipo. Mawu amenewo anandikhala. Nditalowa ndinkayembekeza kuti andiphunzitsa za wondiona ameneyo, koma sabata yoyamba yomwe uyu akuti thalauza lako ndi lalitali, uyu akuti ndevu bwanji, uyu akuti dzina usinthe, wina akuti kwa mayi ako usamadyeko. Palibe anandifunsa kuti kunyumba akulandira bwanji nkhaniyi, pomwe bambo anga anali atasiya kundilankhula. Ndinatsala pang'ono kubwerera. Nde inu obadwiramo mukamati simumva kanthu, ine ndimaona ngati munapatsidwa malamulo musanamudziwe mwini malamulowo.

Ustadhi_Wamng'ono:
Achimwene mwakhudza penipeni, ndipo pepani pa zomwe munakumana nazo. Mayi Aisha (RA) ananena mu Bukhari kuti zoyamba kutsika m'Qur'an zinali zokamba za Jannah ndi Moto, anthu atakhazikika m'Chisilamu m'pamene kunatsika za halal ndi haramu. Anati chikanakhala choyamba kutsika ndi choti musamwe mowa, anthu akanati sitidzasiya mowa mpaka kalekale. Taonani mbiri, Mtumiki anakhala zaka 13 ku Makka akuphunzitsa za Allah mmodzi, za imfa, za ana amasiye ndi osauka. Swala zisanu zinalamulidwa chakumapeto kwa nthawi imeneyo pa ulendo wa Miraj. Hijra inachitika mu 622, kusala Ramadhan kunalamulidwa chaka chachiwiri ali kale ku Madina. Ife timafuna zonsezo zilowe mwa munthu tsiku la shahada. Za mayi anu zija musamvere, Qur'an mu sura Luqman imati ngakhale makolo atakhala a chikhulupiriro china ukhale nawo mwaubwino pa dziko lino. Pitani mukadye nsima kwa mayi anu, ndiwo zokhazo muzisankha.

Sunnah_Basi:
Apa ndikugwirizana ndi a Ustadhi. Koma thalauza ndi ndevu nazonso ndi sunnah, tisazipeputse.

NdinalowaNdekha:
Ndevu ndinasunga bwana, koma zinamera mochedwa kuposa iman kkkk

ChemwaliWaKuJoni:
Moni wa ku Johannesburg abale anga a ku KU. Ine ndili ndi funso lomwe likugwirizana ndi nkhaniyi. Kuno ndimagwira ntchito ya m'nyumba, Jumua sindipita, Eid imandipeza ndikukolopa, msilamu mnzanga woti ndicheze naye ndimamuona mwa apo ndi apo. Poyamba ndinkaona ngati dini yanga yatha poti kumudzi dini inali anthu, mzikiti, futari limodzi, madrasa a ana. Kuno kunatsala ine ndi mswala m'kachipinda ka kuseri. Ma dua a Chiarabu omwe ndinaloweza anali atatu okha, nde usiku wina ndinangoyamba kulankhula Chichewa, kumuuza Allah zonse, za ana omwe ndinawasiya ndi agogo awo ku Nkhamenya, za mapepala, za abwana akandikalipira, mmene ndingauzire mayi anga. Ndi pomwe ndinayamba kumva kuti pali amene akundimvera. Koma mnzanga wina akuti dua ya Chichewa siilandiridwa. Zoona zimenezo a Ustadhi?

Ustadhi_Wamng'ono:
Si zoona chemwali. Kunja kwa swala pemphani m'chilankhulo chilichonse, Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, analenga zilankhulozo ndi Iye. Sura 2 aya 186 imati akapolo anga akakufunsa za ine, ine ndili pafupi, ndimayankha pempho la wopempha akandipempha. Sinatchule chilankhulo. Pomwe ma ulama amasiyana ndi mkati mwa swala, monga pa sijida, ena amalola kwa amene sadziwa Chiarabu ena amakaniza. Nde kuti mukhale opanda chikaiko, swalini mmene munaphunzirira, mukapereka salaam kwezani manja mukhuthule zonse m'Chichewa.

ChemwaliWaKuJoni:
Jazakallah khair, mwandimasula. Nde ndipitiriza kumudandaulira m'chathu chomwechi.

Venda_Osabisa:
Mutipemphererekonso ife mavenda chemwali, atiweruza kale kuno

WakuSanthe:
Abale ndawerenga zonse, zikomo. Koma ndifunsenso chimodzi. Bwanji ngati ndachita zonsezi, ndawerenga tanthauzo, ndathandiza anthu, sikelo yanga ili bwino, koma n'kukhalabe osamva kanthu? Chifukwa ine chomwe chimandiopsa ndi chimenecho, kuti mwina mtima wanga unafa kale.

MadalaAKuLinga:
Mtima wakufa sufunsa mafunso ngati amenewa mwana wanga. Amene mitima yawo inafa ali mtulo pano, sakuvutika ndi kanthu.

Mphunzitsi_Chamama:
Apa madala mwalasa. Ndiwonjezere kuti Imam Ghazali anali mphunzitsi wamkulu ku Baghdad, ophunzira ambirimbiri, mafumu akumulemekeza. Mu 1095 anasiya zonsezo n'kuchoka, atadzifufuza n'kupeza kuti ankaphunzitsa chifukwa chofuna ulemu ndi kutchuka osati chifukwa cha Allah. Zinamuvuta mpaka lilime linakanika kuphunzitsa, chakudya osalowa. Anatha zaka pafupifupi khumi ali kwayekha asanabwererenso ku uphunzitsi, anamwalira mu 1111. Munthu wodziwa fiqh yonse ameneyo zinamutengera zaka. Inu mwayamba kufunsa dzulodzuloli.

Namwino_Usiku:
Komanso achimwene muonetsetse kuti si thupi. Ngati kusamva kanthuko kuli paliponse, chakudya sichikoma, tulo sitibwera, ana akuseka inu osasangalala, zimenezo zikhoza kukhala matenda a maganizo ndipo thandizo lake lilipo ku chipatala. Anthu ambiri amawauza kuti iman yako yachepa pomwe munthu akudwala.

WakuSanthe:
Ayi asisi nsima ndiye ndimadya bwinobwino kkkk, ndi pa mswala pokha

Sunnah_Basi:
Ndiye yambani ndi kufika msanga. Munthu wochokera pa msika n'kupanga wudhu wothamanga, kupeza imamu ali pa ruku, mtima ungakhazikike nthawi yanji? Foni muzizimitsa adhana ikangomveka, osati pa khomo la mzikiti.

MayiWaMapasa:
Kwa nthawi yoyamba ndagwirizana nanu a Sunnah. Koma ine ndili ndi pempho kwa a Ustadhi. Bwanji tizikumana kamodzi pa sabata tiziwerenga sura imodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa, anthu azifunsa momasuka osaopa kudzudzulidwa? Koma amayi tikhale nawo, osati mutiike kuseri kwa khoma komwe sipika inafa chaka chatha.

Ustadhi_Wamng'ono:
Insha Allah, ndilankhula ndi akomiti. Loweruka ikatha Asr zingatheke kuti a kutali abwerere kusanade. Tiyamba ndi Al Maun, sura 107, ma aya 7 okha koma muli tsoka kwa oswali amene amanyalanyaza swala yawo, ochita zoti anthu awaone, omana anzawo ngakhale tiziwiya tobwerekana. Sipika ija ndaimva amayi.

MadalaAKuLinga:
Ndibwera, koma pomaliza tichite ka zikiri pang'ono

Sunnah_Basi:
Mukayamba ine ndituluka

Admin_KU:
Nonse mubwere, zotulukazo tikaonera komweko.

KabazaWaPaBoma:
Ochokera ku depoti ndikunyamulani theka la mtengo, koma theka lenileni osati la pa sikelo ya a venda

Venda_Osabisa:
Inu mwandipanikiza usiku wonse pomwe wa 46 uja si ine. A Wimbe Loweruka bwerani ndi thumba limodzi, mwala woyesera wa 5 kg ndili nawo, mukoleke nokha muwerenge nokha. Koma nanenso ndipisa dzanja mpaka pansi pa thumba.